Kakangaude ka M'dambo la Amayi

Pudasjärvi, 9 Malichi 1981

Mlongo wanga Tellervo,

Landira moni wochokera kuno kumudzi. Ndikhulupirira uli bwino ku Oulu, ngakhale sitingadziwe poti kalata yako yomaliza inabwera Khirisimasi isanafike. Kuno tilipo. Abambo akudandaula mawondo ngati masiku onse, koma khofi akumwa ndipo kukalipa sanasiye. Mlamu wako Kaisu akuti moni. Chipale chofewa chafika m'mawindo chaka chino, ndipo denga la khola layamba kulira moti tsiku lina lidzagwera ng'ombe.

Nkhani ndi iyi. Kunabwera anthu a kampani ija yokumba dothi lakuda la m'madambo, limene amaliyanika n'kukaliwotcha popanga magetsi. Akufuna dambo lathu la Kurkisuo. Akuti akumba ngalande kuti madzi achoke, kenako abweretsa makina. Zimene alipire n'zokwanira khola latsopano, ndipo ine andilonjeza ntchito pa makinawo nyengo yotentha. Ukudziwa kuti anthu a m'mudzi muno athera ku Sweden. Mumsewu wathu nyumba zofuka utsi zatsala zowerengeka. Ine sindifuna kupita, ndipo Kaisu safunanso.

Amayi dambolo anatisiyira awiri, ndiye popanda dzina lako palibe chingachitike. Ndaikamo pepala lawo m'kalata muno. Saina ubweze msanga, chifukwa anthuwo akufuna yankho madzi oundana asanasungunuke. Utiuzeko ngati chifuwa chija chinasiya.

Ndine mchimwene wako,
Aulis


Oulu, 2 Epulo 1981

Achimwene,

Zikomo chifukwa cha kalata yanu. Mundiperekere moni kwa abambo ndi kwa alamu. Chifuwa chinasiya. Pepani ndachedwa kuyankha, ophunzira kuno kuyunivesite ali pa mayeso, ndipo masana onse ndimakhala nditaweramira makina oonera tizilombo mpaka khosi kuuma.

Pepala lija ndaliona. Koma nkhani ya dambo si yokambirana m'makalata. Ndibwera mu Juni, ndidzakhala masabata angapo, ndipo zonse tidzakonza ndili komweko. Ndikufunanso ndikalione bwinobwino dambolo, chifukwa pali zina zimene ndinaona chaka chatha m'ndere za cha kumpoto kwake, ndipo sizikundichoka m'mutu.

Chonde musataye gambutsi za amayi, ndi zokhazo zimene zimandikwana. Abambo muwauze kuti ndidzawabweretsera fodya wawo uja.

Mlongo wanu,
Tellervo


Pudasjärvi, 17 Ogasiti 1981

Tellervo,

Moni ndikupereka chifukwa Kaisu wandiuza kuti ndipereke.

Unalemba ndi dzanja lako kuti zonse tidzakonza. Ine nditawerenga mawu amenewo ndinakawauza a kampani kuti mlongo wanga wavomera. Mu Meyi ndinagwetsa mbali yowola ya khola, ng'ombe zili kubusa, podziwa kuti latsopano lidzakhala litaima kuzizira kusanabwere. Iwe unafika mu Juni, unaliona khola lili chiphwasukire, sunafunse n'komwe. M'mawa uliwonse unkavala gambutsi za amayi n'kumakakwawa m'dambo ndi sefa ndi timabotolo tako, udzudzu ukukudya. Ndikakufunsa za pepala unkati, "Mawa, achimwene, ndatopa." Tsiku lopita unakwera basi ine ndili komweta udzu wa ng'ombe.

Sabata yatha kwabwera amuna awiri a boma oona zachilengedwe, atanyamula mapu. Akhoma zikhomo zofiira kuzungulira Kurkisuo. Ndinawafunsa kuti, "Kodi mukuchita chiyani pamalo a eni?" Wamkuluyo anati, "Bambo, muno mwapezeka kangaude wosowa kwambiri. Palibe wokumba mpaka boma ligamule." Ine ndinati, "Wampeza ndani?" Iye n'kuseka. "Si inu a Kemppainen? Ndiye muyenera kunyadira, wampeza ndi wakwanu."

Ndinawauza kuti andionetse kangaudeyo. Mmodzi anagwada, n'kufukula ndere nthawi yaitali, kenako anaika kanthu pachikhadabo changa. Tellervo, kanthu kochepa kuposa nsabwe! Ndinachita kutsinzina diso limodzi kuti ndikaone. Ndiye kanthu ameneka ndiye kakhale ndi dambo, ng'ombe zanga zigone panja?

A kampani alemba kuti sakufunanso, apita kwa anthu opanda alongo ophunzira. Kusitolo sindingalowe. Dzulo Hietala, mnansi wathu, anandikuwira anthu ali tho, "Aulis, ng'ombe zako zatsopano zamiyendo isanu ndi itatu zija uyamba kukama liti? Utisungireko mkaka!" Sitolo yonse inafa ndi kuseka.

Iwe unachoka pano uli mtsikana. Amayi akudwala wowatembenuza pabedi ndinali ine ndi Kaisu. Abambo wowasambitsa ku sauna, m'kanyumba kosambira nthunzi kaja, ndi ine. Iwe umabwera kukatentha ngati mbalame, n'kudya zipatso, n'kuuluka. Tsopano ndiuze chimene ndichite ndi ng'ombe kuzizira kukafika. Ndikudikira yankho, ndipo lisakhale la "tidzakonza".

Aulis


Oulu, 1 Seputembala 1981

Achimwene,

Moni kwa abambo ndi kwa alamu. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri.

Ndinalemba kuti tidzakonza. Sindinalembe kuti ndavomera. Inu munapita kwa a kampani kukagulitsa mbali yanga ya dambo musanamve pakamwa panga, kenako munagwetsa khola, ndiye wolakwa ndikhale ine? Za khola ndinafunsa. Munandiyankha kuti, "Za ng'ombe uzidziwira kuti iwe?" Ndipo za kangaude ndinakuuzani patebulo, tikudya nsomba ndi mbatatesi, Lamlungu lija kunabwera mvula. Ndinati ndapeza kanthu kamene kangasinthe zonse. Inu munakweza wailesi kuti mumve zanyengo. Chikhalire changa ndikayamba kukamba za ntchito yanga inu mumakweza wailesi.

Mukuti n'kochepa kuposa nsabwe. Inde. Kamakhala pansi pa ndere zonyowa, pamene madzi ake ndi ozizira chaka chonse. Kamaluka kaukonde kosakwana chikhadabo. Kunja kukaundana, iko kamayendabe pansi pa chipale chofewa n'kumasaka tizilombo. Kamapezeka kuno kwathu kumpoto kokha, ndipo malo amene kanapezekapo kale ambiri anakumbidwa. Dambo likauma kamafa nyengo imodzi yomweyo. Ntchito yanga ndi kulemba zimene ndapeza, ndipo ndinalemba. Sindinadziwe kuti a boma athamanga chonchi, koma ngakhale ndikanadziwa sindikananama.

Ndipo musayese kuti ndi kangaude yekha. A kampani akamaliza, Kurkisuo adzakhala chigwa chakuda cha fumbi, ngati chija munandionetsa panjira ya ku Ranua. Amayi ankatitengera kumeneko kukathyola hilla, zipatso zachikasu zimene inu munkadya mpaka kutsekula m'mimba. Mukufuna malo amenewo akawotchedwe mu uvuni?

Zoti ndinakusiyirani odwala zandipweteka. Amene anandikweza basi yakusukulu anali amayi, ndipo inu munali pomwepo mutanyamula sutikesi yanga.

Boma likatenga dambo limalipira. Ndafunsa kale, akuti zimachedwa koma zimabwera. Mbali yanga yonse idzakhala yanu. Pakadali pano pemphani Hietala akusungireni ng'ombe m'khola lake lakale, lili chabe. Mundiuze mmene abambo aliri.

Tellervo


Pudasjärvi, 12 Okutobala 1981

Mlamu Tellervo,

Ndine Kaisu. Moni, mlamu. Ndikulemba mobisa chifukwa achimwene anu akana kumva dzina lanu m'nyumba muno. Kalata yanu anaiponya pamoto atafika pamene munati akapemphe Hietala. Akuti bola ng'ombe zife kusiyana n'kukagwadira munthu amene anawaseka.

Zinthu zaipa. Sabata yatha anakabwereka makina okumbira kwa msuweni wanga, n'kuzula zikhomo za boma, n'kuyamba kukumba ngalande m'dambo. Ndinawaletsa. Anandiyankha kuti, "Dambo likauma, kanthu kawoko kafa, ndiye sipakhalanso choteteza. A kampani abweranso okha." Akumba kuyambira m'mawa mpaka mdima, osadya.

Lachinayi abambo anamva kulira kwa makina, n'kundifunsa kuti akukumba chiyani. Nditawauza anavala chikhoti n'kutenga ndodo. Ndinati, "Bambo, kunja kwaterera," koma mukuwadziwa. Ine ndinali ndi mkaka pamoto, ndinawatsatira mochedwa. Ndinawaona patali akukupiza ndodo m'mwamba, akukuwa, koma Aulis sankamva chifukwa cha injini. Anaponda thabwa loundana n'kugwera m'ngalandemo. Aulis anawatulutsa m'madzi atawanyamula ngati mwana. Athyoka fupa la m'chiuno ndipo chifuwa chawagwira. Ali kuchipatala chakuno kuboma, sakuyankhula zomveka.

Ndinaimba foni kuntchito kwanu, koma amene anayankha anangoti mulibe. Bwerani, mlamu. Ine ndili pakati pa ng'ombe, chipatala ndi mwamuna amene wasiya kuyankhula, komanso ndili ndi pathupi, zimene sindinakuuzeni mu Juni chifukwa m'nyumba munalibe mpata wonena chilichonse. Ndatopa nanu nonse awiri.

Mlamu wanu,
Kaisu


Pudasjärvi, 8 Novembala 1981

Tellervo,

Kaisu waulula kuti anakulembera. Mwezi watha. Sunabwere, sunayankhe, ngakhale kakhadi sunatumize.

Ndiye ndadziwa tsopano. Kangaude akafuna thandizo umathamanga mpaka kuboma, koma bambo wako akagona m'chipatala uli zii. Ndipo usaganize kuti sindikudziwa chimene anapitira kudambo tsiku lija. Unawadzaza m'mutu mu Juni muja munkakhala pakhonde mukusuta fodya wawo. Nkhalamba yoti kuchimbudzi imayenda movutika, yakafika ku Kurkisuo kukatetezera tizilombo tako. Ndiwe unawagwetsera m'ngalande muja.

Chipale chofewa chagwa. Ng'ombe ndazipanikiza m'mbali yotsala ya khola, ndatchinga ndi matabwa ndi matumba, koma mphepo ikulowa. Imodzi yataya mwana. A kampani sanabwerenso, m'malo mwake kwabwera kalata ya boma yonena za zikhomo zimene ndinazula. Wogula ng'ombe akubwera Loweruka.

Sindikupempha kanthu. Ndangofuna udziwe.

Aulis


Oulu, 29 Novembala 1981

Aulis,

Moyo wanga wonse ndakhala ndikukuti achimwene. Lero ndikuti iwe.

Ndinali kumapiri a ku Norway ndi ophunzira kuyambira kumayambiriro a Okutobala, kenako kumsonkhano. Ndinakulembera zimenezi pakakhadi ndisananyamuke, koma mwina nako kanapita pamoto. Makalata onse awiri, yako ndi ya Kaisu, ndinawapeza pansi pa chitseko tsiku limodzi. Ndinakwera basi yoyamba. Kunyumba sindinafike, chifukwa ndikanakuona sindikudziwa chimene ndikanachita.

Abambo ndawaona. Awonda moti mphete ya amayi aimangirira ndi ulusi kuti isagwe pachala. Sanandizindikire poyamba. Kenako anandigwira dzanja n'kumangoti, "Ngalande, ngalande, muletse." Wamva? Anapita kukakuletsa chifukwa dambolo amalikonda. Ine sindinawatume. Amene anakumba dzenje limene anagweramo ndiwe, ndi manja ako, chifukwa chofuna kupha kanthu koti sikanakulakwire, kuti undipweteke ine.

Ndipo ng'ombe wagulitsa chifukwa cha matama. Khola la Hietala linali chabe. Kaisu ali ndi pathupi, iwe n'kumamusiya azinyamula ndowa m'chipale chofewa uli kalikiliki ndi makina obwereka. Ndamva kuti ukufuna ntchito kufakitale ya magalimoto ku Göteborg, ku Sweden. Pita. Koma usadzanene kuti anakuthamangitsa ndi kangaude.

Kwa Kaisu yekha moni.

Tellervo


Kuchipatala, Pudasjärvi, 14 Febuluwale 1982

Kwa Aulis ku Göteborg ndi Tellervo ku Oulu,

Ndine bambo wanu Eino. Akundilembera ndi namwino, ndipo walemba makalata awiri ofanana kuti wina asati ndakondera. Wandiuza kuti mawu ena amene ndikunena salemba, ndiye muwaikemo nokha.

Moni. Mutu wanga wabwerera m'malo. Mwendo ayi. Chakudya cha muno n'chopanda mchere.

Kaisu asanapite anandiuza zonse zimene mwakhala mukulemberana. Aulis akuti ndinatumidwa ndi mlongo wake. Tellervo akuti ndinapita kukafera dambo. Nonse ndinu zitsiru. Kangaude wakoyo, Tellervo, sindinamuonepo, ndipo maso angawa sadzamuona. Dambolo landidyera nsapato ndi hatchi imodzi, sindililira. Ndinapita kumeneko chifukwa Kaisu atandiuza pamene makina ayambira, ndinadziwa kuti ngalandeyo yalunjika kumunsi, kuchitsime chathu. Ndinkakuwa kuti, "Khotetsa, chitsiru iwe, khotetsa!" Basi. Mukanandifunsa poyamba ndikanakuuzani, koma pa nkhani yonseyi palibe ndi mmodzi yemwe anabwera kudzati, bambo, inu mukuti bwanji. Munkandidutsa ngati mpando.

Ng'ombe zimene mwagulitsa zinachokera kwa ng'ombe imene ine ndi mayi wanu tinayenda nayo wapansi nkhondo itatha. Wina wagulitsa, wina wachititsa, ndipo aliyense akuloza mnzake. Ine ndinamva kwa Hietala.

Adokotala akuti mu Epulo nditha kutuluka ngati kunyumba kuli munthu. Ngati kulibe, anditumiza kunyumba ya okalamba, kumene amuna amawaveka matewera. Ndikukuuziranitu kuti kumeneko sindipita. Ndidzakwawa mpaka kwathu, mudzandipeze m'njira. Mugwirizane nokha.

Aulis, mwana akabadwa undiuze. Tellervo, fodya uja anatha.

Bambo wanu,
Eino Kemppainen


Pudasjärvi, 23 Meyi 1982

Aulis,

Moni kwa Kaisu ndi kwa mwana. Zoti wabadwa wamkazi ndinamva kwa abambo, poti iwe unalembera iwo okha.

Ndili kumudzi. Ndapempha tchuthi chopanda malipiro mpaka chaka chamawa, ndipo akuluakulu anga anena poyera kuti malo anga sangawasunge mpaka kalekale. Ndiye sangalala. Ndikuwasambitsa abambo, ndikuwatembenuza, ndikumva kunyoza kwawo kuyambira m'mawa. Akuti khofi wanga ndi madzi otsukira mbale, ndipo buledi wa Kaisu ndiye anali buledi. Sindinkadziwa kuti munthu woonda chonchi angalemere chotere. Zimenezi ndavomera, koma zokhazi.

Madzi oundana atasungunuka, ngalande yako inachita zimene abambo ananena. Chitsime chadzaza matope akuda. Madzi akumwa ndikukatunga kwa Hietala, amene sanandiseke ngakhale kamodzi, ndipo dzulo anandinyamulira zigubu pathalakitala yake.

M'mbali mwa ngalandeyo ndere zauma, zayera ngati udzu wakale. Ndasefa masiku ambiri, sindinapeze kangaude ndi mmodzi yemwe. Cha kumpoto kukadali konyowa ndipo aliko ochepa, koma madzi akutsika sabata ndi sabata. A boma akuti aonenso ngati dambo lowonongeka n'loyenera kuliteteza, ndiye malipiro aja mwina sabwera. Iwe wataya, ine ndataya.

Ndayamba kutseka ngalandeyo ndekha ndi fosholo. Ndinaika mitengo ndi dothi kumunsi, pafupi ndi chitsime, koma mvula itagwa zonse zinakokoloka. Ndayesa kawiri. Manja anga ali matuza okhaokha. Sindikukupempha kuti ubwere. Koma unakumba ndiwe, ndiye undiuze pamene ndikulakwitsa.

Tellervo


Göteborg, 6 Juni 1982

Tellervo,

Moni kwa abambo. Mwana ali bwino, amalira ngati agogo ake. Tamutcha Hilkka, dzina la amayi. Sindinakufunse, ndipo sindikupepesa.

Kuno tikukhala m'chipinda cha pamwamba penipeni, pawindo ndimaona madenga okhaokha. Tsiku lonse ndimamanga zitseko za magalimoto amene sindidzakwerapo. Kapitawo amanditchula dzina molakwika, ine ndimangoyankha. Ndikadzuka m'mawa manja amafuna kukama. Zimenezi sindidzakukhululukira, ndipo ndikudziwa kuti nawenso zako sudzandikhululukira. Zikhale choncho.

Munthu wamasukulu onsewo ungatseke madzi kumunsi? Yambira kumtunda, kumene ngalande yayambira, uzitsika. Usamange chotchinga chimodzi chachikulu, manga ting'onoting'ono tambiri motalikirana. Khoma mitengo chopingasa m'makoma a ngalande, osangoigoneka. Dothi utenge lakuda lonyowa lapansi, lapamwamba limayandama, ndipo uliponde ndi mapazi mpaka lilimbe. Matabwa amene ndinagulira khola latsopano ali kuseri kwa sauna, pansi pa lona. Uwatenge onse. Palibe khola limene lidzamangidwe.

Wekha sungamalize mvula ya Ogasiti isanabwere. Fakitale imatseka mu Julayi. Kaisu akuti agogo aone mwana asanafe, ndiye tibwera, chifukwa cha iyeyo. Ine ndidzagona ku sauna. Patebulo usadzandiyankhule. Undisungire fosholo yaitali ija, yaifupi udzagwiritsa iwe.

Aulis